Phunziro: Kodi Timange Nyumba ya Zipinda Zingati?

Werengani: Luka 14:28-30 ndi Miyambo 24:27

Amayi anzanga, tsiku limene mudzakwere basi pa Luangwa Bridge kupita ku Lusaka, mukadzangodutsa Chongwe mudzayang'ane kumbali kwa msewu. Mudzaona nyumba zikuluzikulu zimene zinaimira pa mawindo, zina zinafika pa lintala koma denga palibe, ndipo m'zipinda munamera udzu. Eni ake si anthu aulesi ayi. Ambiri ndi aphunzitsi, anamwino, asilikali ndi amalonda amene anayamba ndi mtima wabwino, koma ndalama zinathera panjira. Pa Luka 14 Ambuye akufotokoza za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake, kuopa kusiyira pa maziko. Mawuwo ankanena za mtengo wa kumutsata Iye, koma chitsanzocho anachitenga pa ntchito yomanga chifukwa omvera ake ankadziwa manyazi a nyumba yosatha.

Tisafulumire kuwaseka anzathuwo, pakuti mtima wofuna nyumba yaikulu uli ndi kumene unachokera. M'nthawi ya atsamunda, munthu wakuda wogwira ntchito m'tauni ankapatsidwa kanyumba kothina ku Matero kapena ku Chilenje, pamene kumayadi kunali nyumba zotakasuka, kuseri kwake kuli ka nyumba ka wantchito. Mu 1996 boma la a Chiluba litayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo kwa amene ankakhalamo, ambiri atangogula anayamba kuwonjezera zipinda. Makolo athu anakula akuona kuti nyumba yaikulu ndi ya bwana, choncho mwana akaphunzira ankafuna kusonyeza kuti naye wafikapo. Mtima womwewo unafika kuno kuchigwa. Wopuma pa ntchito akabwerera kumudzi amafuna kuti mudzi wonse uone kuti sanapite kukasewera.

Zinthu zayamba kutembenuka

Ku Lusaka, m'madera monga Chalala ndi Meanwood, pa puloti pamene kale pakanakhala nyumba imodzi yaikulu, lero mupezapo maflati atatu kapena anayi a zipinda zogona ziwiriziwiri. Omanga aona kuti nyumba yotere sichedwa kupeza wolipira lendi kapena wogula. Malo akwera mtengo chifukwa anthu tachuluka: kalembera wa 2010 anapeza anthu 13.1 miliyoni m'Zambia, wa 2022 anapeza oposa 19.6 miliyoni. Ngongole ya kubanki nayo ndi yowawa, pakuti mu 2023 ndi 2024 chiwongoladzanja chinali cha m'ma 25 pa 100 kapena kupitirira pamenepo.

Ngakhale ku America, kumene anthu amadziwika ndi nyumba zazikulu, zikuchitika zomwezi. Mu 1973 nyumba yatsopano yapakatikati kumeneko inali pafupifupi masikweya mita 140. Inakulirakulira mpaka kufika pafupifupi 230 mu 2015, koma pofika 2024 inali itatsikira cha m'ma 200. Chiwongoladzanja cha ngongole za nyumba chinakwera kuchoka pa 3 pa 100 mu 2021 kufika pa 7 mu 2023, mabanja ndi ochepa anthu, ndipo ogula anatopa ndi kulipirira zipinda zimene salowamo. Nyumba ya masikweya mita 200 kwa ife ikadali chinyumba, koma taonani kuti ngakhale olemera ayamba kufunsa ngati chipinda chilichonse chili ndi ntchito.

Tiyeni tiwerengere

Pepani, uphunzitsi sutha, ndikupatsani samu pang'ono. Nyumba ya mamita 15 m'litali ndi 12 m'lifupi ili ndi masikweya mita 180. Ya mamita 9 ndi 7 ili ndi 63, ndipo imakwana zipinda zogona ziwiri, pabalaza ndi kachipinda kosungiramo katundu. Yoyambayo ifuna silabu, malata, matabwa ndi siling'i pafupifupi katatu kuposa yachiwiri. Kwa ife a ku Katondwe onjezanipo mtengo wa galimoto, chifukwa simenti ndi malata zambiri zimachokera kutali, ndipo thumba lililonse limalipiridwa ulendo wake. Mmisiri naye amatchula mtengo poona kukula kwa pulani.

Chimene ambiri sitiwerengera ndi cha pambuyo pake. Nyumba ikatha imayamba kudya. Denga lidontha, chiswe chilowa m'matabwa, khoma ling'ambika, penti ifuna kubwereza. Chipinda chotsekedwa chaka chonse chimasanduka cha mileme ndi makoswe. Ndipo amasesa ndani? Ndi inu amayi, pamene msana wayamba kuwawa ndipo ana onse ali ku Lusaka kapena ku Copperbelt, kubwera pa Khirisimasi pokha.

Pa ndalama zopumira pa ntchito mpofunika kusamala kwambiri. Kuyambira mu April 2023 lamulo linalola mamembala a NAPSA amene asonkha kwa miyezi 60, kapena afika zaka 45, kutapako 20 pa 100 ya ndalama zawo kamodzi kokha. Ambiri anathamangira kumanga, ndipo kumanga si kulakwa. Koma ndalama yobwera kamodzi ikathera pa maziko a nyumba ya zipinda zisanu ndi chimodzi, siidzabweranso kudzaika denga. Miyambo 24:27 ikutilangiza kuyamba takonza ntchito ya kumunda, kumanga nyumba n'kubwera pambuyo. Ine ndimamva kuti munda, mbuzi, malonda a nsomba kapena a mphasa, ndi fizi ya mwana zisaphedwe chifukwa cha khoma. Chilala cha 2024 chinatiphunzitsa kuti munthu angathe kugona ndi njala m'nyumba ya matailosi. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga alendo agona kuti?

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwafunsa kale funso limeneli mumtima, ndipo ndi funso loona. Ife sitili ngati Azungu okhala awiriwiri. Timalera ana amasiye, timasunga apongozi okalamba, pa maliro ndi pa ukwati abale amachokera ku Zumbo ndi ku Kanyemba. Amayi okhala pafupi ndi chipatala cha mishoni amadziwanso za achibale amene amafikira kwa iwo podikira wodwala. Kuchereza alendo sitingakusiye.

Koma kumbukirani mmene agogo athu ankachitira. Sankamanga chinyumba chimodzi. Pakhomo pankakhala nyumba ya makolo, khitchini payokha, nkhokwe, ndipo anyamata akakula ankamanga gowelo lawo. Khomo linkakula pamene banja likukula, ndipo chilichonse chimene chamangidwa chinkatha n'kuyamba kugwira ntchito. Nzeru imeneyi ikugwirabe ngakhale ndi njerwa zootcha ndi malata. Muuzeni mmisiri ajambule pulani yoti mbali imodzi idzathe kuwonjezeredwa, mutsirize zipinda ziwiri kapena zitatu, mulowemo, lendi ileke kukudyerani ndalama. Kanyumba ka alendo kangabwere chaka china kuchokera m'chilimba, ndipo alendo akapanda kubwera mungathe kuikamo mphunzitsi kapena namwino wolipira pamwezi.

Nyumba yaing'ono imene ndikunena si yothithikana. Ana aamuna ndi aakazi akasinkhuka asagone chipinda chimodzi, ndipo mtsikana amene mukumulera akhale ndi pogona potsekeka bwino. Apa musaumirepo. Ndalama imene mwapulumutsa pochepetsa zipinda ipite ku zinthu zimene chigwa chathu chimafuna. Mu October ndi November kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo nyumba ya malata yopanda siling'i imasanduka uvuni kaya ndi yaikulu bwanji. Khoma lalitaliko pang'ono, mawindo oyang'anizana kuti mphepo idutse, sefa ya udzudzu, khonde lotakasuka ndi mtengo wa mthunzi zimapatsa mpumulo woposa chipinda chachisanu. Chimbudzi cholimba chokhala ndi chivundikiro ndi posamba m'manja chiyambe kutha nyumba isanathe. Kolera imene inabuka ku Lusaka mu October 2023, mpaka sukulu kuchedwa kutsegulidwa mu 2024, inakula m'makomboni mmene madzi ndi zimbudzi zili zosalongosoka.

Chinanso chimene amayi timachita nacho manyazi kufunsa ndi mwini wa nyumbayo. Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo limati nyumba imakhala ya wamasiye pamodzi ndi ana, ndipo wamasiye akhalemo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Koma lamulo limeneli siligwira pa malo a mafumu, ndipo malo ambiri kuno, kwa a Mburuma ndi kwa a Mphuka, ndi otero. Musanathire ndalama zanu za chilimba pa maziko, khalani pansi ndi abambo a kunyumba, ankhoswe ndi anyakwawa, mumvane kuti malowo ndi a yani, ndipo zilembedwe.

Pa msonkhano wa Chigwirizano wotsatira, mayi aliyense adzabwere atawerenga zipinda za nyumba yake, kapena za pulani imene ali nayo, ndi chiwerengero cha anthu amene anagonamo mwezi wathawu. Amene munamangapo kale mudzatiuze mtengo wa denga lokha, kuti achitsikana amene angolowa kumene m'banja adzamve kwa inu.