Tibwerere ku Illmatic: Mafunso ndi Mayankho

Chimbale chimenechi ndi cha yani?

Ndi cha Nas, mnyamata wa ku Queensbridge mumzinda wa New York. Chidatuluka pa 19 Epulo 1994 iye ali ndi zaka 20. Kuno ku Malawi maso onse adali pa chisankho cha pa 17 Meyi, wayilesi idali MBC yokha, kanema wathuwathu kudalibe. Ambiri a ku Nsaru ndi ku Kabudula tidadzachimva mochedwa, pa makaseti ojambulitsa kwa anzathu a m'tauni.

N'chifukwa chiyani akuluakulu a hip hop amachitamabe?

Ndi chachifupi: nyimbo 10, mphindi pafupifupi 40, mlendo worapa mmodzi yekha, AZ. Mulibe madeya. Nas safuula. Amalumikiza mawu omveka mofanana pakati pa mzere, osadikira kumapeto, ndipo amadziwa popumira. Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi maso ake. Amatchula misewu ya kwawo, anzake amene adamwalira, apolisi oyendayenda, mpaka womvera amaona malowo ngati adafikako. Mu "One Love" akulembera kalata anzake a kundende, kuwauza za kumudzi, zabwino ndi zowawa zomwe. Aliyense amene adatumizako uthenga kwa mbale wake ku ndende ya Maula angaimve nyimboyi ngakhale Chingerezi chikumuvuta.

Nanga mabiti adakonza ndani?

DJ Premier, Pete Rock, Large Professor, Q-Tip ndi L.E.S. Ankadula kachidutswa ka nyimbo yakale, n'kukabwereza pamwamba pa ng'oma zolemera. Pete Rock adatenga piyano ya Ahmad Jamal mu "The World Is Yours". Large Professor adatapa "Human Nature" ya Michael Jackson. Mu "One Love" mukulira kalimba, yochokera m'nyimbo ya Heath Brothers. Tcherani khutu bwino: chida cha agogo athu chidawoloka nyanja n'kudzatipeza kudzera ku New York. Bambo ake a Nas, Olu Dara, nawonso adaimbamo lipenga.

Kodi kubwerezabwereza kumeneku si ulesi?

Ayi. Wokulira pafupi ndi bwalo la gule sangafunse zimenezi. Ng'oma zina zimagwira mayendedwe amodzimodzi osasintha, pamene mbalule ikuyankhula ndi miyendo ya wovina. Mu Illmatic biti ndiyo ikugwira, mawu a Nas ndiwo mbalule.

Mnyamata wojambula pa kompyuta ku Namitete kapena ku Mpingu atolepo chiyani?

Asatengere katchulidwe ka Chimereka. A Real Elements ndi Tay Grin adaonetsa kale kuti zakwathu zimakwanamo. Atole luso loyang'anitsitsa. Tsiku la msika pa Nsundwe, wakabaza wobwerera usiku, fodya wobwezedwa ku okushoni ku Kanengo, mzere wodikira feteleza: zonsezi zikusowa wozitchula maina. Ndipo pojambula atsitse biti pang'ono, chifukwa nyimbo zambiri zimene ndimamva m'mashopu opangira memori, mawu amamira m'ng'oma.