Kabuku ka Mafunso Kophunzitsa Chigriki

Awerengi athu, nonse mudziwa m'mene katekisimu aphunzitsidwira: mphunzitsi afunsa, ana nayankha. Lero tiphunzire za kabuku kena kolembedwa mwa njira yomweyo, koma kophunzitsa malamulo a Chigriki, chinenero chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo.

Kwa zaka mazana ambiri, ophunzira a kumadzulo kwa Ulaya ankawerenga Malembo Oyera m'Chilatini, ndipo odziwa Chigriki anali owerengeka. Mabuku a galamala analipo ndithu ku Constantinople, koma anawalembera ana olankhula kale Chigriki kwao. Mlendo ankangosokeramo.

Tsono m'chaka cha 1397 kunafika ku Florence, mzinda wa ku Italy, mphunzitsi wochokera ku Constantinople, dzina lake Manuel Chrysoloras. Iyeyu anaona chimene chinali kulemetsa ophunzira ake. M'Chichewa dzina lisintha kumayambiriro: munthu, anthu, mtengo, mitengo. M'Chigriki lisintha kumathero, kulingana ndi ntchito yake m'chiganizo. Mabuku akale anagawa maina otere m'magulu 56, oti mwana awaloweze onse. Chrysoloras anawasonkhanitsa m'magulu 10 okha, nalemba zonse mwa funso ndi yankho. Kabukuko anakatcha Erotemata, ndiko kunena kuti Mafunso.

Mwini wake anamwalira mu 1415 ku Konstanz, pa nthawi ya msonkhano waukulu wa Eklezia, makina osindikizira mabuku asanayambike ku Ulaya. Koma kabuku kake sikanafe nao. Ophunzira anakakopera pamanja, ndipo makina atabwera kanasindikizidwa kambirimbiri. Mu 1514 kanatuluka ku Alcalá, m'dziko la Spain, chaka chomwecho chimene Chipangano Chatsopano cha m'Chigriki chinasindikizidwa mumzindamo mwa lamulo la Kardinala Ximénez. Pajatu buku loyera likadapindula chiyani popanda odziwa kuliwerenga?

Inu aphunzitsi ndi akatekisiti, tengeranipo nzeru. Chrysoloras sanachepetse Chigriki ai. Anangokonza katundu kuti mwana athe kumusenza. Mwana akalephera, tiyambe tafunsa ngati tamsanjira bwino phunzirolo tisanamutche mbuli. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mafunso:
1. Chifukwa ninji mabuku a ku Constantinople ankavuta alendo?
2. Chrysoloras anapeputsa bwanji phunziro la maina?
3. Ndi phunziro liti limene inu mungalisanje mwatsopano sabata ino?