Sizasi yodulira nthambi ndi kasamalidwe ka duwa la Veronica

Veronica ndi duwa lochokera ku Ulaya ndi ku Asia lomwe limakhala zaka zambiri osabzalanso. Mtundu wotchedwa Veronica spicata umatalika masentimita 30 mpaka 60, ndipo umatulutsa ngala zosongoka za maluwa abuluu, ena apinki kapena oyera. Njuchi zimaukonda. Umafuna dzuwa la maola 6 pa tsiku, nthaka yosadikha madzi, ndi malo ozizirirapo ngati Dedza kapena kuphiri la Zomba. Kuchigwa kotentha umavutika.

Chida chosamalira duwali ndi sizasi yodulira nthambi: zogwirira ziwiri, kasipuling'i pakati, mpeni umodzi wakuthwa, ndi kokhomera mukamaliza. Gulani yamipeni yopitirirana ngati sizasi ya telala. Ija yomwe mpeni umatsikira pachitsulo chafulati imaphwanya tsinde lanthete.

Tsono nali vuto lomwe tikulipeza m'minda yamaluwa yambiri. Ngala zikafota, anthu akumazithyola ndi manja. Ena akumangodutsitsapo chikwakwa nthawi yomweyo akutchetcha udzu. Musatero! Dzanja silidula, limang'amba. Khungu la tsinde limasendeka mpaka m'munsi, bala limakhala lalikulu, madzi amakhalapo, ndipo tsinde limayamba kuwola. Nthawi zina mumazula ndi mizu yomwe. Chikwakwa ndiye chimasesa zonse, ngala zofota pamodzi ndi mphukira zomwe zikanatulutsa maluwa achiwiri. Pakapita milungu itatu mwini munda amati mbewu yake inali yoipa, kapena wogulitsa anamunamiza, chonsecho wapha duwalo yekha. Ngakhale amene ali nayo sizasi, tawaona akudulira waya ndi zingwe za matumba, mpeni n'kubuntha. Sizasi yobuntha imatafuna tsinde, sikusiyana ndi dzanja lija.

Kadulidwe koyenera n'kosavuta. Maluwa a pangala amayamba kumasula m'munsi kukwera m'mwamba. Akafota mpaka pafupi ndi kunsonga, tsatirani tsinde ndi chala kutsika mpaka pamene pali masamba awiri oyang'anizana. Pamenepo muona timphukira tiwiri. Dulani pamwamba pake pang'ono, mopendeketsa, kamodzi kokha, mpeni wakuthwa uli kumbali yomwe ikutsala. Mukadzaona ngala ziwiri zikutuluka pomwe panali imodzi, simudzafunanso chikwakwa pafupi ndi duwa lanu. Ife tikafika pamunda wodulidwa chonchi mtima umachita kuti myaa!

Maluwa akatheratu, dulani matsinde onse kusiya masamba apansi. Pakatha zaka 3 kapena 4, kumbani phata ndi kuligawa, mupeze mbande zaulere.

Masamba akagwidwa ndi nkhungu yoyera ngati ufa, aduleni ndi kukawataya kutali. Pukutani mpeni ndi sipiriti musanapite pa duwa lina, chifukwa matenda amayenda ndi chida. Mukaweruka pukutani sizasiyo, dontheserani mafuta pa sipuling'i, ndipo musaisiye panja pa mame.

Mtengo wa sizasi umasiyana sitolo ndi sitolo, ndipo masiku ano sukhazikika, choncho funsani malo awiri kapena atatu. Zodziwika ngati Felco ya ku Switzerland ndi zodula ndithu, koma mpeni ndi sipuling'i zake zimasinthidwa zikatha. Yotsika mtengo imagwiranso ntchito mukamainola. Amene muli m'kalabu mungathe kusonkherana n'kugula imodzi, bola pakhale munthu mmodzi woisunga.