Chithunzi cha Oimba

Kale anthu a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka ankamva oimba pa wailesi ya MBC, koma nkhope zawo sankazidziŵa, pakuti wailesi yakanema inayamba m'Malaŵi muno m'chaka cha 1999. Magulu oimba, monga Alleluya Band imene inayamba ku Balaka m'chaka cha 1978, ankaoneka nkhope pa zithunzi. Gulu likafuna kukaimba kwina, linkatumiza mapepala okhala ndi chithunzi chake kuti akamatidwe pa mitengo ndi pa masitolo. Chithunzi chikakhala chabwino, anthu ankakopeka.

Kujambula masiku amenewo sinali ntchito yamaseŵera. M'kamera ankaikamo filimu, kalamba kopyapyala kopakidwa mankhwala okhala ndi siliva. Mankhwala ameneŵa amasintha kuŵala kukawakhudza. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36, ndipo wojambula sankatha kuona chimene wajambula kufikira filimuyo itatsukidwa. Tsono ankayamba waimika oimba bwinobwino, aliyense ndi gitala kapena ng'oma yake, nkhope zili koŵala. Kenaka ankawachenjeza kuti asagwedezeke ndiponso asaphethire.

Filimu ili ndi adani aŵiri. Woyamba ndi kutentha. Kuchigwa cha kunyanja kumatentha kwambiri m'mwezi wa Okutobala, choncho wojambula wanzeru sankasiya kamera padzuŵa. Wachiŵiri ndi kuŵala. Munthu akatsekula kamera filimu isanakulungidwe, zithunzi zinkapsa. Zikatero oimba ankataya ndalama ndi nthaŵi, ndipo tsiku loimba linkatha kufika mapepala asanatuluke.

Filimu ankaitsukira m'chipinda chamdima bii. Poyamba ankaiviika m'mankhwala otulutsa chithunzi, kenaka m'mankhwala ena ochikhazikitsa kuti kuŵala kusachisinthenso. Atatero ankaitsukuluza m'madzi naiyanika. Chotuluka pamenepo chimatchedwa negetivi. Pa negetivi zinthu zimaoneka mosemphana: malaya oyera amaoneka akuda, tsitsi lakuda limaoneka loyera.

Pomaliza wojambula ankayatsa kanyali kofiira, pakuti kuŵala kofiira sikuwononga pepala la zithunzi zakuda ndi zoyera. Ankaika negetivi m'makina oŵalitsa chithunzi pa pepalalo kwa kamphindi, naliviika m'mankhwala. Pang'onopang'ono nkhope za oimba zinkayamba kuoneka, maso, mphuno mpaka nsambo za gitala. Chithunzi choposa zonse ndicho chinkapita kwa osindikiza.

Lero munthu amajambula ndi foni n'kuona chithunzi nthaŵi yomweyo. Wojambula wa filimu ankadikira, podziŵa kuti kulakwa kumodzi kukanawononga ntchito ya gulu lonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani anthu sankadziŵa nkhope za oimba?
2. Kodi filimu imodzi inkatenga zithunzi zingati?
3. Tchulani adani aŵiri a filimu.
4. Kodi malaya oyera amaoneka bwanji pa negetivi?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi umene uli kumapeto kwa nkhaniyi.

Ntchito

Pemphani makolo anu kuti akuonetseni chithunzi chakale. Afunseni kumene chinajambulidwa ndi masiku amene anadikira kuti chituluke. Lembani ziganizo zisanu za chithunzicho.