Ndani anagwira kamera pamene galimoto inkatera pa Mars?

 Makalata a omvera abwera ambiri kuno ku wailesi sabata ino, ndipo ochuluka akufunsa za kanema uja mwakhala mukutumizirana pa mafoni, woonetsa galimoto ya loboti ikutsikira pa dothi lofiira la Mars. Safunsa anadya phula. Inu mwafunsa, choncho tiyeni tiyambepo.

Kalata yoyamba yachokera kwa aphunzitsi ena a sekondale ku Mchinji. Akuti: "Ndinaonetsa ana a Folomu 3 kanemayu. Mtsikana wina anakweza mkono n'kufunsa kuti, ngati kumeneko sikunapondeko munthu, anagwira kamera ndani? Ine ndinasowa chomuyankha."

Aphunzitsi, mwana ameneyo mumusamale, ali ndi mutu wabwino. Mukamuuze kuti palibe dzanja la munthu limene linagwira kamera. Makamerawo anawamangirira pa chombo chomwecho chisananyamuke, ndipo zidutswa za chombocho zinkajambulana zokhazokha.

Galimotoyi dzina lake ndi Perseverance. Ndi ya bungwe la NASA la ku America, ndipo anaipangira ku JPL, mumzinda wa Pasadena ku California. Ili ndi mawilo 6 ndipo imalemera makilogalamu 1,025. Inanyamuka ku Cape Canaveral pa 30 Julayi 2020, n'kuyenda mtunda woposa makilomita 470 miliyoni, ndipo inatera Lachinayi pa 18 Febuluwale 2021. Kwathu kuno nthawi inali itatsala pang'ono kukwana 11 koloko usiku.

Paulendo wonsewo inali itapinda miyendo, itatsekeredwa m'chigoba chonga mbale ziwiri zovundikirana. Mbale ya pansi ndi chishango choiteteza ku moto. Mbale ya pamwamba inasunga parachuti. Pakati pake panali galimotoyo, itabereka chimango cha mainjini 8 a roketi kumsana. Makamera ojambula kanemayu analipo 6. Atatu anali pa mbale ya pamwamba, kuyang'ana parachuti. Imodzi inali pa chimango chija, kuyang'ana galimoto pansi pake. Awiri otsalawo anali pa galimoto penipeni, ina yoyang'ana kumwamba, ina yoyang'ana dothi.

Tsopano mvetserani mmene zinayendera. Chombocho chinalowa mu mpweya wa Mars pa liwiro la makilomita pafupifupi 20,000 pa ola. Pa liwiro limenelo, mungachoke ku Lilongwe n'kufika ku Blantyre mphindi imodzi isanathe. Chishango chinatentha kufika madigiri pafupifupi 1,300. Gawo limeneli mulibe mu kanema, chifukwa makamera anali akadali otsekeredwa mkati. Patapita mphindi 4, chombo chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 11 kuchokera pansi, parachuti inafwamphuka, ndipo apa ndi pamene kanema akuyambira. Ndi chinsalu chachikulu, mamita 21.5 m'mimba mwake, koma chinatambasuka chonse sekondi imodzi isanakwane, chombo chikuthamanga kuposa liwiro la mawu. Kenako mukuona chishango chikumasuka n'kumagwa chokha, chikucheperachepera, ndipo kuseri kwake kukuonekera dothi, miyala ndi maenje. Patatsala makilomita awiri, galimoto ndi chimango chake zinasiyana ndi parachuti, mainjini n'kuyaka. Patatsala mamita 20 okha, chimango chinayamba kutsitsa galimoto ndi zingwe zitatu za nayiloni zotalika mamita 6.4, monga mmene mayi amatsitsira ndowa m'chitsime. Mawilo anagunda pansi pang'onopang'ono, pa liwiro losafika ngakhale la munthu woyenda pansi. Zingwe zinadulidwa, chimango n'kuuluka kukagwera patali, mamita pafupifupi 700.

Pali kanthu kena kamene ine kamandigwira mtima. Kupatula zingwe zitatuzo panalinso nthambo yachinayi, yonga mchombo, yodutsamo mauthenga. Zithunzi zimene chimango chinkajambula zinkatsikira m'nthambo imeneyo kulowa m'galimoto. Chimangocho chinali ndi masekondi ochepa oti chikhale chisanaphwanyike, koma chinasiya kaye zithunzi zake m'manja abwino. Chithunzi chotchuka chija, cha galimoto ikulendewera pa zingwe fumbi likubuka pansi pake, chinadzera njira imeneyo.

Musaganize kuti anajambula pofuna kungotisangalatsa. Mainjiniya amene anapanga zipangizozi anali asanazionepo zikugwira ntchito kumalo kumene anazipangira. Padziko pano sungayese zonse pamodzi, chifukwa mpweya wathu ndi wina, mphamvu yokokera zinthu pansi ndi inanso. Galimoto ya Curiosity inatera m'njira yomweyi mu Ogasiti 2012, koma yojambula kutsikako inali kamera imodzi yoyang'ana pansi basi, yojambula zithunzi pafupifupi zinayi pa sekondi. Kamerayo parachuti sinaione, chimango sinachione. Anangodziwa kuti zatheka poti galimoto inayankha. Mu 2021 ndi pamene anaona ndi maso awo ntchito ya zaka zambiri. Ngakhale mabanga oyera ndi ofiirira amene ali pa parachuti anawaika dala, kuti pa kanema aone mbali imene yatambasuka msanga ndi mmene nsaluyo ikupotokera. M'mabangamo anabisamonso mawu a chilimbikitso a ku JPL ndi manambala osonyeza pamene pali malo awowo, ndipo anthu pa intaneti anawamasulira tsiku lisanathe.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo woyendetsa thiraki, amene akuti amatimvera akamadikira pa chipata cha Mwami. Akufunsa kuti: "Dalaivala wake anali kuti, ndipo ankaona bwanji msewu?"

Bambo, inu amene mumadziwa kufunika kwa kuponda mabuleki pa nthawi yake, mumvetsa msanga. Tsiku limenelo uthenga wa wailesi unkatenga mphindi 11 ndi masekondi 22 kuchoka ku Mars kufika kuno. Kutsika konse, kuchokera pamwamba pa mpweya mpaka pa dothi, kunatenga mphindi pafupifupi 7. Ndiye kuti pamene anthu a ku Pasadena ankamva kuti chombo chalowa mu mpweya, galimoto inali itatera kale, yamoyo kapena yophwanyika. Mayi Swati Mohan, amene mawu awo mukuwamva mu kanemayo akulengeza sitepe iliyonse, ankanena zinthu zimene zinali zitachitika kale. Panalibe woponda mabuleki. Woyendetsa anali kompyuta ya m'chombomo, yotsatira malangizo amene anthu analemba kale.

Koma maso inali nawo. Ikulendewera pa parachuti, kamera ina yapadera inkajambula pansi, kompyuta n'kumayerekeza zithunzizo ndi mapu amene inanyamula, opangidwa ndi masetilaiti ozungulira Mars. Potero inadziwa pamene ili, inaona malo oipa amene anachongedwa pa mapu, n'kusankha yokha malo abwino amene ikanatha kufikapo. Luso limeneli linali lisanagwiritsidwepo ntchito pa Mars. Popanda ilo sakanayerekeza kutera m'chigwa cha Jezero, chifukwa muli maphompho, miyala ikuluikulu ndi milu ya mchenga. Nanga anafuniranji malo ovuta chotero? Chigwachi, chotambalala makilomita 45, chinali nyanja zaka zoposa 3.5 biliyoni zapitazo, ndipo pakuonekabe pamene mtsinje unkathira madzi ake n'kusiya matope. Ngati pa Mars panakhalapo tizamoyo ting'onoting'ono, zizindikiro zake n'zoyenera kuzifuna m'matope ouma ngati amenewo.

Mnyamata wina wa ku Nkhotakota walemba mwachidule: "Bwanji osangogwiritsa ntchito parachuti mpaka pansi?"

Mwanawe, mpweya wa ku Mars ndi wopyapyala kwambiri, sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a kupanikiza kwa mpweya wathu. Ndi wokwanira kuwotcha chombo, koma ndi wosakwanira kuchiimitsa. Parachuti itachita mbali yake yonse, galimoto inali ikugwabe pa liwiro la makilomita pafupifupi 300 pa ola. Kale ankakulunga magalimoto m'matumba a mpweya n'kuwasiya anjanje ngati mpira. Anatero ndi Sojourner mu 1997, komanso Spirit ndi Opportunity mu 2004. Koma awiri omalizawa ankalemera makilogalamu 185 aliyense. Matumba sangapirire tani yathunthu. Ukafunsanso kuti zingwe n'zachiyani, yankho lake ndi fumbi. Mainjini akayandikira pansi kwambiri amakumba dothi n'kumwaza miyala. Taona mu kanemayo mmene fumbi likuphimbira zonse, pamene mainjini ali mamita angapo m'mwamba.

Tsopano kalata imene ndaiwerenga kawiri. Yachokera kwa bambo wina wakwathu amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti: "Ine sindikukhulupirira. Roketi imalavula moto, koma mu kanemayu mainjini alibe moto. Komanso kanema angabwere bwanji kuchokera kutali chonchi, pamene ine kutumiza kavidiyo kumudzi kumandivuta?"

Achimwene, sindikukudzudzulani. Masiku ano pa mafoni pamayenda makanema ambiri abodza, ndipo munthu wofunsa umboni akuchita bwino. Mwapenyetsetsanso, chifukwa n'zoona, malawi sakuoneka. Mainjini amenewa amagwiritsa ntchito mafuta otchedwa hydrazine, amene akaphwanyika amatulutsa mipweya yosaoneka ndi maso, monga nayitirojeni ndi hayidirojeni. Munthu wopeka kanema kuti atinamize akanaikamo moto waukulu, poti ndi umene tonse timayembekezera.

Za kabweredwe kake, kanemayu sanafike nthawi yomweyo ngati mpira wa pa TV. Zithunzi zoposa 23,000 zinasungidwa m'galimotomo. Itatera, inayamba kuzitumiza pang'onopang'ono kwa masetilaiti odutsa pamwamba pake, ena a NASA, ina ya ku Ulaya, iwo n'kumazipatsira ku madishi akuluakulu a ku Goldstone ku California, kufupi ndi Madrid ku Spain, ndi kufupi ndi Canberra ku Australia. Madishiwa anawaika motalikirana chotero kuti dziko likamazungulira, lina mwa iwo likhale likuyang'anabe ku Mars. N'chifukwa chake kanema anatuluka Lolemba pa 22 Febuluwale, patatha masiku anayi. Ndipo inu muli pafupi ndi mbiri imeneyi kuposa ife. Chakumadzulo kwa Johannesburg kuli malo otchedwa Hartebeesthoek. Mu 1965 dishi la kumeneko linalandira nawo zithunzi zoyamba za Mars zojambulidwa chapafupi, zochokera ku chombo cha Mariner 4, ndipo nthawi imeneyo chithunzi chimodzi chinkatenga maola angapo kuti chifike.

Mboni zinanso zilipo. Setilaiti ya Mars Reconnaissance Orbiter, ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 700, inajambula chombocho chikulendewera pa parachuti. Mu Epulo 2022, kahelikopita ka Ingenuity, kamene kanapita konko katabisala kumimba kwa galimotoyi, kanauluka pamwamba pa malo amene panagwera mbale ya pamwamba ija, n'kuijambula itasweka, parachuti ili tandale pambali pake.

Chimene chimandikhutiritsa kwambiri ine n'chakuti zikalephereka amanena. Pa 19 Okutobala 2016, chombo cha ku Ulaya cha Schiaparelli chinasokonezeka mutu parachuti itangotambasuka. Kompyuta yake inawerengetsa molakwa n'kuganiza kuti chafika kale pansi. Inataya parachuti msanga, inayatsa mainjini masekondi atatu okha, ndipo chombocho chinagwa kuchokera pamtunda woposa makilomita atatu. Eni ake anafufuza n'kulengeza poyera chimene chinalakwika. Ngakhale pa Perseverance sizinayende zonse. Kamera imodzi mwa atatu oyang'ana parachuti inafa pamene parachutiyo inkaponyedwa kunja, ndipo anatiuza. Dziwaninso kuti si Amereka okha. Mu Meyi 2021 dziko la China linatsitsa galimoto yake ya Zhurong pa Mars pomwepo.

Nkhani ya zolephereka ija ikuyankhanso mayi wina wa ku Balaka, amene akufunsa chifukwa chake mu kanemayo simukumveka kulira kwa mainjini. Mayi, mayikolofoni anaikapo ndithu, koma sinajambule kanthu panthawi yotsika. Sinafe ayi. Patapita masiku awiri inajambula kamphepo kakuomba pa dothi la Mars, ndipo mawu amenewo mukhoza kuwapeza n'kuwamva.

Nthawi yatithera. Makalata ofunsa za ndalama zimene zinalowa pa ntchitoyi ndawasunga, tidzawayankha sabata ya mawa. Aphunzitsi a ku Mchinji, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukawaonetsenso anawo kanemayu, koma ulendo uno muziimika pa chithunzi chilichonse, ndipo mtsikana uja ndiye aime kutsogolo, auze anzake kuti kamera imene yajambula apa ili pa chidutswa chiti ndipo ikuyang'ana kuti. Akakhala ndi funso lina, alembe yekha kalata, ndidzaiwerenga pompano. Tsalani bwino.