MFUTI YOPOPERA PENTI: KAGWIRIDWE NDI KASAMALIDWE KAKE

Mwezi uno tikamba za chida chimene ambiri a inu mwachiona kwa amisiri a zitsulo m'misika ya m'mbali mwa msewu wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, ndicho mfuti yopopera penti. Kuno ku chigwa cha Domasi kuli sukulu zambiri, ndipo mafelemu a mawindo, zitseko zachitsulo ndi miyendo ya madesiki sizichedwa kuchita dzimbiri. Kapena inu aphunzitsi simudzagwira mfutiyo ndi manja anu, koma komiti ya sukulu ikalemba mmisiri ntchito, ndinu amene mudzayang'anira ndalama za makolo. Tsono nkwabwino kudziwa ntchito yabwino ndi yoipa.

Chida chimenechi chinayamba ngati chida cha dokotala. M'chaka cha 1888 Dr. Allen DeVilbiss wa ku Toledo, ku America, anapanga kabotolo kopopera mankhwala pakhosi pa odwala. Mwana wake, Thomas, ndiye anakasandutsa mfuti ya penti mu 1907. Kagwiridwe kake nkosavuta. Kompresa imakankha mpweya m'paipi. Mukakoka chokokera ndi chala, singano ya m'katimo imabwerera m'mbuyo nitsegula kabowo kotulukira penti, ndipo mpweya umamwaza pentiyo ngati nkhungu. Kutsogolo kuli kachipewa ka nyanga ziwiri. Mpweya wotuluka m'nyangazo ndiwo umaphwatalitsa nkhunguyo.

MUSANAYAMBE

Penti siigwira pa dzimbiri, pa mafuta, kapena pa fumbi. Palani dzimbiri ndi burashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo chioneke, pukutani ndi kansalu konyowetsa thina, ndipo yambani ndi penti yapansi yofiira ija yoletsa dzimbiri. Malata atsopano ali ndi khalidwe lawolawo: penti wamba ya mafuta imasupuka pa iwo, choncho amafuna penti yapansi yopangidwira malata. Mmisiri amene afika ndi kuyamba kupopera asanapale, muuzeni aime.

Penti ya m'chitini ndi yolimba kwambiri kwa mfuti. Isungunuleni ndi thina amene walembedwa pachitinipo, pang'onopang'ono, mukutakasa. Wina aliyense sayenera, ndipo petulo kapena parafini iyayi ndithu. Mukatukula kamtengo kotakasira, penti iziyenderera ngati mkaka, osati kugwa mabuluma ngati phala. Kenaka isefeni ndi kansalu kopyapyala. Kachikhungu kamodzi kouma ka m'chitini katha kutseka mfuti ndi kukuimitsani ntchito theka la ola.

Sankhaninso tsiku. Masiku a chiperoni, pamene nkhungu yakuta phiri la Zomba ndi la Malosa, penti imauma mochedwa nikhala yosawala. Masana a mwezi wa Okutobala imauma isanafike pachitsulo. Mphepo ndi fumbi ndiye musanene. Nthawi yabwino ndi m'mawa kuli bata, mame atauma, ndipo wazani madzi pansi kuti fumbi ligone.

KUPOPERA

Yesani kaye pa katoni. Mfuti zambiri zakale zimafuna mpweya wa mabaa 3 kapena 4, zatsopano zina 2 okha. Pepala limene linabwera ndi mfuti likuuzani. Kumbuyo kwa mfuti kuli timakona tiwiri: kena nkochepetsa kapena kuchulukitsa penti, kena nkokulitsa nkhungu. Potokolani mpaka chithunzi cha pakatoni chikhale chachitali ngati tsamba la mango, chodzaza bwino pakati ndi m'mbali.

Tsono gwirani mfuti mainchesi 6 kufikira 8 kuchokera pachitsulo, ndiko kuti masentimita 15 kufikira 20, ngati chikhatho chotambasula. Yendetsani mkono wonse, mfuti italunjika chitsulo nthawi zonse. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amalakwa: amaima malo amodzi namapinda dzanja pamfundo monga akuthirira dimba, ndipo pakati pamachuluka penti, kumapeto nkuperewera. Yambani kuyendetsa mkono musanakoke chokokera, ndipo chisiyeni mkono usanaime. Mzere uliwonse uphimbe theka la mzere wapitawo. Kupaka kawiri mopyapyala, mukudikira kuti koyamba kugwire, kuposa kupaka kamodzi mochindikala.

Ntchito ikalakwika imadzinenera yokha. Penti yotsika misozi ndiyo kuti mwayandikira kwambiri, kapena mukuyenda mochedwa, kapena thina wachuluka. Yooneka ngati khungu la lalanje ndiyo kuti penti njolimba kapena mpweya ngwochepa. Yokhakhala ngati mchenga, mwatalikira. Mfuti ikamalavula, onani ngati kabowo ka mpweya pachivundikiro cha kapu katsekeka, kapena ngati kamwa lamasuka. Chithunzi chikapindika ngati mwezi watsopano, tembenuzani kachipewa theka. Kupindikako kukatembenuka nako, bowo la nyanga imodzi latsekeka. Kukakhala pomwepo, vuto lili pakamwa.

Tinenepo ichi ngakhale amisiri ena sachikonda. Pa zitseko ndi pa makabati mfuti njabwino, koma pa zitsulo zing'onozing'ono za pawindo penti yambiri imangodutsa nipita ndi mphepo. Pamenepo burashi ndiyo yosunga ndalama.

MAPAPO ANU NDI MOTO

Nkhungu imene imakongoletsa chitseko ndi yomweyo imene imalowa m'chifuwa. Mpango wapamphuno, ngakhale masiki yapepala, siziletsa nthunzi ya thina. Pafunika masiki yamphira yokhala ndi timabokosi ta makala m'mbali, ndipo timabokosito tizisinthidwa. Ena amati ukamwa mkaka ukatha kupopera poizoni amatuluka. Zimenezo si zoona. Mkaka umapita m'mimba, nkhungu ili m'mapapo. Penti ya galimoto ija yosakaniza ndi mankhwala oumitsa ndiyo yoopsa koposa, pakuti imayambitsa mphumu yosatha. Imeneyo njosayenera pasukulu konse.

Palinso mtovu. M'zaka za 2020 ndi 2021 penti zina za mafuta zogulitsidwa m'Malawi muno zinapimidwa nizipezeka ndi mtovu wambiri, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards linayamba kulondola opanga pentiwo. Mtovu umaononga ubongo wa ana, ndipo mwana saonetsa kudwala pachiyambi. Chifukwa chake gulani penti yolembedwa kuti ilibe mtovu. Popala penti yakale nyowetsani malowo kuti fumbi lisauluke, ndipo sesani zonse ana asanabwere. Ntchito yotere ichitike patchuthi.

Poperani panja kapena pakhonde. Fodya, mbaula, ndi mnzanu wowotcherera zitsulo zikhale kutali, pakuti nthunzi ya thina imayenda pansi nikapeza moto pamene simukuganiza. Musalozetse mfuti kwa munthu ngakhale mocheza.

MUKATHA

Mfuti zambiri sizifa ndi ukalamba koma ndi penti youmira m'kati. Tsukani nthawi yomweyo, nsima idikire. Bwezerani penti yotsala m'chitini, thirani thina pang'ono m'kapu, khutchumulani, ndi kupopera mpaka atuluke woyera. Masulani kachipewa, chotsani singano, kenaka kamwa, ndi kuzitsuka ndi kaburashi. Timabowo musatitokose ndi waya kapena msomali. Tikangokula pang'ono mfuti siidzapoperanso molunjika. Kamtengo kofewa kosongola nkokwanira. Musamize mfuti yonse mu thina, pakuti timphira ta m'kati timauma nitiyamba kudontha. Donthezani kadontho ka mafuta opepuka pamene singano imalowera, bwezerani zonse, ndi kuipachika.

Kompresa nayo imasunga madzi m'thanki mwake, makamaka m'nyengo ya dzinja. Pansi pa thanki pali kampopi. Katseguleni madzulo aliwonse. Mukapanda kutero madziwo adzatulukira pa penti yanu, ndipo thanki idzadyeka ndi dzimbiri kuchokera m'kati.

Thina wotsukira musamutaye m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime. Mtsinje wa Domasi umathirira minda ya mpunga usanakathire m'nyanja ya Chilwa, kumene timapha matemba. Musungeni m'chitini chotseka, kutali ndi ana. Pakapita masiku angapo penti idzadikha pansi, ndipo wapamwambayo mudzatsukira mfuti ulendo wina.