Ng'oma ya Cingwe ndi Dzina la M'kati Mwace

Ng'oma ya kumudzi, monga mbalule, cikopa cace cimakhomedwa ndi zikhomo, ndipo ikalefuka amaiwamba pamoto. Koma asilikari a ku Ulaya ndi ku Amereka kale anali ndi ng'oma ya mtundu wina, yokungidwa ndi cingwe. Thupi lace linali la thabwa lopindidwa, lokhala ndi zikopa ziwiri za mwana wa ng'ombe, cina pamwamba, cina pansi. Cikopa ciri conse cinapanikizidwa ndi mkombero wonga wa licero, ndipo cingwe cimodzi cacitali cinapisidwa m'mikomberomo, kukwera ndi kutsika kufikira citazungulira ng'oma yonse. Pacingwepo panali tizikopa tolimba tochedwa makutu. Woomba akatsitsa makutuwo cingwe cinakungika, liu nilikwera. Atatha nchito anawabweza kuti cikopa cipumule. Pansi pa ng'oma anayalapo tizingwe ta matumbo ouma, ndito tinaipatsa liu lothetheka lomveka kutali.

Ng'oma iyi sinali ya gule ai. Pakati pa utsi ndi kulira kwa mfuti mau a mtsogoleri sanamveke. Tsono ng'oma ndiyo inauza asilikari za kusonkhana, kuyenda ndi kubwerera. Mtumwi Paulo anadziwa kuopsa kwa coimbira ca nkhondo cosamveka bwino, monga kwalembedwa pa 1 Akorinto 14:8. Cikopa cobvunda kapena cingwe cofumbwa cikanatha kutayitsa miyoyo, ndipo cifukwa cace nkhani ya ogulitsa ng'omazi siiri yaing'ono.

Ku London, Samuel Potter, mkuru wa oomba ng'oma m'gulu la Coldstream Guards, anayamba malonda a ng'oma ndi zitoliro m'caka ca 1810, nawacha dzina la mwana wace Henry. Ku Granville, m'dera la Massachusetts, Silas Noble ndi James Cooley anayamba m'caka ca 1854 ndi ting'oma toseweretsa ana. Koma pa nkhondo ya Aamereka okhaokha ya 1861 kufikira 1865 anapanga ng'oma za asilikari. Ku Philadelphia nyumba ya Horstmann inagulitsa malupanga, mbendera, mabatani ndi ng'oma zomwe.

Amalondawa anali ndi mwambo wofunika kuulingalira. M'mbali mwa ng'oma munali kaboo koturukira mpweya, ndipo m'katimo, pandunji pa kabooko, anamatamo kapepala ka dzina lao ndi mudzi wao. Kunja kunali utoto wokongola, ciombankhanga kapena cizindikiro ca mfumu. Dzina linali mumdima, loonedwa ndi iye yekha wosuzumira.

Koma dzinalo silinali la wopanga masiku onse. Ogulitsa ena anagula ng'oma kwa amisiri osachuka, namatamo kapepala kao. Okonza ng'oma zakale anacitanso comweco. Kodi kumeneku kunali kunyenga? Ngati munthu anadzitama nayo nchito ya mnzace, inde. Koma panali cinthu cina: pomata dzina lace wamalonda anasenza mlandu wa katundu wace. Cikopa cikang'ambika msanga, wogula anadziwa khomo lokagogoda, ndipo mwini dzina sakanatha kuloza mmisiri wosadziwika. Mkristu wogulitsa nsomba zouma, nyemba kapena fodya pamsika alibe kapepala kotere, koma mlandu wace ndi womwewo: zimene ziri pansi pa dengu nzace monga zimene ziri pamwamba, ngakhale anacita kupikula kwa wina. Miyambo 11:1 inena za muyeso wonyenga, ndipo akulu a mpingo acita bwino kuwerenga ndimeyi ndi ana a m'kalasi nyengo ya misika isanafike.

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 zitsulo zomangira zinayamba kulowa m'malo mwa cingwe, ndipo ng'oma zakale zambiri zinatsalira m'matsindwi ndi m'nyumba zosungiramo zakale. Ozifunafuna amaunika ndi nyali pa kaboo kaja. M'zina kapepala kanadyedwa ndi njenjete; m'zina dzina la Potter kapena la Horstmann likuwerengekabe, patapita zaka zoposa 150.